CIGAWO CA CIMARRON: KUMENE NTHAKA INAULUKA NDI MPHEPO

Inu alimi amene muwerenga kabuku kano mudziwa bwino m'mene madzi amakokololera nthaka. Mwaona ndi maso anu mitsinje itafiira pakugwa mvula yoyamba, ndi zigwembe zimene zing'ambika m'minda ya pamatsitso. Koma iripo mbala yina ya nthaka imene siicita phokoso ngati madzi, ndiyo mphepo. Muno tikuuzani mbiri ya cigawo cina ca alimi ku America, kumene mphepo inanyamula minda yathunthu niitaya kutali. Tikuuzaninso za anthu ace, m'mene anafikira, m'mene analakwira, ndi m'mene anakonzera colakwa cao.

KUMENE CIGAWOCI CIRI

Dziko la United States of America ligawika m'maiko ang'ono 50, ndipo limodzi la iwo ndi Oklahoma. Maiko ang'ono amenewa agawikanso m'zigawo zonga madistrikiti athu, ciri conse ndi boma lace. Cimarron ndico cigawo ca kumapeto kweni-kweni kwa Oklahoma, mbali ya kumadzulo. Cicita malire ndi maiko ena anai: Colorado, Kansas, New Mexico ndi Texas. Boma lace liri pa mzinda wa Boise City.

Kucokera kumpoto kufika kumwera ndi mamailosi 34, ndipo kucokera kum'mawa kufika kumadzulo apitirira 50. Maekala ace onse apitirira 1,000,000. Koma pamene anawerenga anthu m'caka ca 2020 anapeza 2,296 okha, ndiko kunena ngati munthu mmodzi pa mailosi imodzi m'litali ndi m'lifupi.

Mbali yaikuru ya cigawoci ndi cidikha cosalala ngati bwalo lopunthirapo mapira. Mukaima pakati pace simuona phiri, simuona nkhalango. Muona thambo lokha litatsikira pansi mbali zonse. Kumpoto ca kumadzulo kokha ndiko kuli matanthwe ndi zigwa, ndi phiri lathyathyathya lochedwa Black Mesa, limene msinkhu wace ndi mapazi 4,973 pamwamba pa nyanja yamcere. Mtsinje wa Cimarron, umene unapatsa cigawoci dzina, umakhala mcenga wokha miyezi yambiri.

Zinthu ziwiri ndizo zilamulira moyo kumeneko. Coyamba ndi kucepa kwa mvula: pa caka imagwa mainci 17 kapena 18, pamene ku Chipata imagwa ngati mainci 40. Ndiponso siikhulupirika, zimadza zaka zingapo za mvula yabwino, pambuyo pace zaka zingapo za cilala. Caciwiri ndi mphepo, imene iomba kopanda coicinga, makamaka m'miyezi ya March ndi April. Nyengo ya kumeneko isiyana ndi yathu: kumatentha mu June, July ndi August, ndipo mu December ndi January kumazizira kufikira madzi aundana ndi cipale cofewa cikuta pansi.

UDZU NDI NJATI

Kale lomwe cidikha conseci cinali udzu. Sunali udzu wautali wonga tsekera, koma waufupi, wongofika m'kakolo. Mphamvu yace inali pansi. Mizu yace inalowa mapazi angapo m'nthaka, niilukana ngati mphasa. Cilala cikadza udzu unauma pamwamba, koma mizu inakhala yamoyo niigwirabe nthaka; mvula ikagwa unaphukanso. Motero mphepo inaomba zaka zosawerengeka osapeza ponyamula.

Pa udzu umenewo panadya njati za kumeneko, za ubweya wambiri ndi linunda lalikuru, zoyenda m'magulu a zikwi-zikwi. Eni dziko oyamba, a mitundu ya Comanche ndi Kiowa, anazisaka atakwera pa akavalo. Nyama yace inali cakudya cao, zikopa zace zinali nyumba ndi zopfunda zao. Sanalima cidikhaco.

Kuyambira m'zaka za 1820 amalonda anayamba kupita m'dzikomo ndi ngolo zokokedwa ndi ng'ombe, potsata njira yochedwa Santa Fe Trail. Anaiopa mbali imeneyi cifukwa ca kusowa madzi. Kufikira lero mikwaso ya ngolo zao ioneka m'malo ena, ndi maina amene anazokota pa thanthwe pafupi ndi kasupe. M'zaka za 1870 alenje Acizungu anapha njati pafupi-fupi zonse cifukwa ca zikopa, ndipo asilikari a Boma anagonjetsa eni dziko nawatsekera m'malo opatulidwa. M'malo mwa njati munalowa ng'ombe ndi nkhosa.

DZIKO LOPANDA MWINI

Poika malire a maiko ozungulira, m'zaka za 1850, kanatsala kacigawo kopapatiza kamene sikanagwera m'dziko liri lonse. Anthu anakacha No Man's Land, ndiko kunena dziko lopanda mwini. Munalibe bwalo la milandu, munalibe apolisi, ndipo panalibe munthu akadatha kulandira kalata ya munda. Oweta ng'ombe anadyetsa ziweto zao pali ponse pamene anafuna. M'caka ca 1890 Boma linaphatikiza kacigawoka ku Oklahoma, ndipo mu 1907 kanagawidwa patatu. Gawo la kumadzulo ndilo Cimarron.

ALIMI OYAMBA

Lamulo la ku America linati munthu akakhala pa malo opanda mwini zaka 5, namangapo nyumba ndi kulima, Boma limpatsa maekala 160 akhale ace. Kwa inu maekala 160 ndi munda waukuru wosaneneka. Koma lamulolo analipangira maiko a mvula yambiri. Ku Cimarron, kumene ng'ombe imodzi ifuna maekala ambiri a udzu kuti ikhute caka conse, malo otere anali ocepa.

Anthu osauka anadza ndithu, cifukwa analakalaka malo ao-ao. Popeza kunalibe mitengo, anakumba nyumba zao pansi, kapena anadula zigulumwa za udzu ndi mizu yace nazisanja ngati njerwa. Nkhuni zao zinali ndowe zouma. Madzi anatunga m'zitsime zakuya ndi mapampu oyendetsedwa ndi mphepo. Mbeu zimene zinawasunga zinali mapira a mitundu-mitundu, ndi mtundu wina wa mapira umene ngala zace apangira matsace. Dziwani kuti mapira amenewa kwao ndi kuno ku Africa; anawatengera ku America cifukwa apirira cilala kopambana cimanga.

Panalinso onyenga. Mzinda wa Boise City unayamba mu 1908, pamene anthu ena anasindikiza mapepala oonetsa mzinda wa mitengo ya mthunzi, miseu yabwino ndi madzi oturuka okha. Ambiri a kutali anagula malo asanawaone. Pofika anapeza thengo lokha. Ogulitsawo anamangidwa naponyedwa m'ndende, koma ena mwa ogula anakhala namanga mzindawo. Akuru anati, cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

ZAKA ZA TIRIGU

Pa nkhondo yaikuru ya 1914 kufikira 1918 maiko a ku Ulaya anasowa cakudya. Boma la America linalonjeza alimi madola 2 pa muyeso wa tirigu wochedwa bushel, umene uli ngati madebe awiri. Mtengo umenewu unali wokwera zedi. Nkhondo itatha unatsikako, koma unakhalabe wopindulitsa. Mu 1925 njanji inafika pa Boise City, ndipo kutumiza tirigu ku misika kunakhala kwapafupi.

Nthawi yomweyo anafika matalakita, ndi makina okolola ndi kupuntha pamodzi, ndi mapulao a zitsulo zozungulira ngati mbale. Munthu mmodzi anatha kugalauza pa tsiku limodzi malo amene kale anatha masabata ndi akavalo. Ena anamanga nyali pa talakita nalima usiku wonse. Mapulao amenewo sanangotembenuza nthaka, koma anaipera niikhala yosalala ngati ufa. Alimi anakongola ndalama ku mabanki kugulira makina, ndipo kuti abweze ngongole anathyola udzu wina. Kunadzanso anthu a m'mizinda amene anabzala tirigu nacoka, kudzabweranso pa nthawi yokolola basi.

Zaka zimenezo mvula inagwa bwino, ndipo anthu anayesa kuti idzatero masiku onse. Oweta ng'ombe akale anacenjeza kuti dzikolo ndi la udzu, koma panalibe wowamvera, pakuti tirigu anali kubala ndalama. Mu 1930 anthu a m'cigawoci anafika 5,408, ndipo sanacurukenso cotero kufikira lero.

Caka ca 1931 dzinthu zinaca koposa zaka zonse. Koma malonda a pa dziko lonse lapansi anali atagwa, ndipo mtengo unatsika kufikira ngati masenti 25 pa bushel, ndiko kunena gawo limodzi la magawo 8 a mtengo wa pa nkhondo. Tirigu anaunjikidwa pansi wopanda womgula. Alimi ena analima koposa kuti apezeko kanthu. Ena anataya minda napita, kuisiya yambulanda, yopanda mbeu, yopanda udzu.

ZAKA ZA PFUMBI

Pamenepo mvula inaleka. Kuyambira 1932 kufikira 1939 cilala cinakhala caka ndi caka. Tirigu wobzalidwa sanamera, kapena anamera nafota. Munalibe muzu wakugwira nthaka. Mphepo ya March pofika inapeza maekala zikwi-zikwi a dothi lopereka, niyamba kulinyamula.

Onani m'mene cionongeko cimayendera. Mphepo iyamba kukunkhuniza timcenga pamwamba pa munda. Timcengato tigunda tinzace, tidula mbeu zanthete, timasula dothi lina. Dothi losalala, limene muli conde, likwera m'mwamba nilipita kutali. Mcenga wolemera utsala nuunjikana. Munda umodzi wosasamalika ukwirira minda ya anansi onse a kumene mphepo ilinga. Cotero ngakhale mlimi wosamala sanapulumuka.

Zitsamba zaminga zokunkhunizika ndi mphepo zinakodwa pa mipanda ya waya, pfumbi linaunjikana pa izo, ndipo mipanda inakwiririka kufikira ng'ombe zinayenda pamwamba pace. M'nyumba akazi anatseka ming'alu ndi nsanza napacika nsaru zonyowa pa mazenera, koma m'mawa anacotsa pfumbi ndi fosholo. Ng'ombe zinafa, ndipo pozitumbula anapeza dothi m'mimba. Ana ndi okalamba anadwala cibayo ca pfumbi, ndipo ena anamwalira. Akalulu anadya kamsipu kotsala, kotero kuti anthu anasonkhana mazana kuwazinga ndi kuwapha ndi zibonga. Posowa msipu alimi anadula zitsamba zaminga zija zikali zanthete nadyetsa ng'ombe. Mu 1934 Boma linagula ng'ombe za alimi. Zonenepako linazipereka zikhale cakudya ca osauka, zoonda kwambiri linaziombera ndi kuzikwirira.

Tsiku limene likumbukika koposa ndi Sabata, pa 14 April 1935. Kunaca bwino, kopanda mphepo, ndipo anthu anatsegula zitseko napita ku machalichi ndi kukaceza. Madzulo kunaoneka kumpoto cimtambo cakuda cocokera pansi kufika kumwamba, mbalame zirikuthawa patsogolo pace. Pofika pa Boise City kunada bii, kotero kuti munthu sanatha kuona dzanja lace. Ambiri anayesa kuti dziko latha. Mtola-nkhani wina, Robert Geiger, anapezeka m'cigawomo tsiku lomwelo, ndipo m'nkhani imene analemba anacha dziko lonselo Dust Bowl, ndiko kunena mbale ya pfumbi. Dzinalo linakhazikika. Caka cotsatira wojambula wa Boma, Arthur Rothstein, anajambula m'cigawo comweci mlimi ndi ana ace awiri alikuyenda m'pfumbi pafupi ndi kanyumba kokwiririka, ndipo cithunzico cinadziwika pa dziko lonse.

Pofika 1940 anthu anatsala 3,654. Mwa anthu atatu ali onse, mmodzi anali atacoka. Koma awiri anakhala.

M'MENE ANACIRITSIRA NTHAKA

Pfumbi la m'cidikha linauluka mamailosi opitirira 1,000 nilifika ku Washington, kumene kukhala aphungu opanga malamulo. Kumeneko katswiri wa nthaka, Hugh Bennett, anali kuwadandaulira kuti nthaka ndi cuma ca mtundu wonse. Pa 27 April 1935 lamulo losunga nthaka linakhazikitsidwa, ndipo Bennett anaikidwa mkuru wa nchitoyo. Katswiri wina, Henry Finnell, amene anayesa njira za ulimi pa Goodwell ndi pa Dalhart, pafupi ndi Cimarron, anaonetsa alimi kuti mankhwala a mphepo ndiwo kusunga dontho liri lonse la mvula pamene lagwera. Njira zace zinali izi.

1. Kulima mizere yakuya yopingasa mphepo, kuti zigulumwa zithyole mphamvu yace ndi kugwira dothi loyenda. Boma linalipira alimi kuti acite ici msanga m'minda youluka.

2. Kulima mopingasa matsitso ndi kuunda migula, kuti madzi asathamange koma alowe pansi. Ngakhale dziko looneka losalala liri ndi kotsetsereka kwace.

3. Kusiya ziputu ndi mapesi m'munda, osatentha, osadyetsa ziweto zonse. Ciputu ciri conse ndi kampanda.

4. Kubzala m'mipata: mpata wa mapira, mpata wa tirigu kapena wogonera, kuti mphepo isapeze bwalo lalikuru.

5. Kuyesa cinyontho asanabzale. Akapeza kuti pansi mpouma, anaphunzira kusataya mbeu ya tirigu, koma kulinda ndi kubzala mapira.

6. Kubwezera udzu pa malo a mcenga amene sanayenera kulimidwa konse. Boma linagula minda yoonongeka nilibzalamo udzu. Ina ya malo amenewo lero ndi busa la Boma lochedwa Rita Blanca, kumene oweta amadyetsa ng'ombe mwa cilolezo ndi mwa ciwerengero.

Popeza munda wa mmodzi unaononga minda ya onse, kuyambira 1937 alimi a ku America anayamba kupanga mabungwe a m'zigawo zao osunga nthaka, osankha okha akuru ao. Mvula inabwera bwino mu 1941. Cilala coopsya cinadzanso m'zaka za 1950, ndipo pfumbi linaulukanso, makamaka kumene anathyolanso udzu pofuna ndalama za tirigu. Koma cionongeko sicinafika pa ca poyamba.

Mbiri ya pfumbi la ku America inamveka ndi kuno komwe. Inali cimodzi ca zifukwa zimene maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anaumirizira migula m'zaka za 1940 ndi 1950, kawiri-kawiri ndi milandu ndi malipo, ndipo ambiri anaida nchitoyo cifukwa ca kukakamizako.

MADZI A PANSI PA NTHAKA

Pansi pa cidikhaco pali mcenga ndi nsangalabwi zodzala madzi, zimene zitambalala pansi pa maiko ang'ono 8. Dzina lace ndi Ogallala. Itatha nkhondo ya 1939 kufikira 1945 kunadza mapampu a injini amphamvu, ndipo alimi ena anayamba kuthirira. Lero muona mipope yaitali ya pa magudumu, imene izungulira citsime niithirira munda wozungulira wa maekala ngati 125. M'minda yotere mumera cimanga, cimene sicikadaca ndi mvula yokha.

Koma madzi amenewo anasonkhana pa zaka zikwi zambiri, ndipo obwerera pansi pa caka safika ndi inci imodzi yomwe. Otungidwa acuruka koposa. Cifukwa cace madzi alikutsika, zitsime zina zacepa mphamvu, ndipo mtengo wa kupopa ukwera. Ndi nkhokwe imene atapamo osaikamo. Alimi a kumeneko adziwa ici, ndipo ena abwerera ku tirigu ndi mapira a mvula yokha, kapena ku udzu. Kuyambira 1985 Boma lakhala likulipira alimi kuti malo osacedwa kuuluka awabzale udzu zaka 10 kapena kuposa, ndipo m'Cimarron maekala ambiri analowa m'pangano limeneli.

ANTHU ACE NDI MAKHALIDWE AO

Lero cuma ca Cimarron ndi ng'ombe, tirigu, mapira ndi cimanga cothirira. Tirigu abzala mu September ndi October, ng'ombe zidyako msipu wace m'nyengo yozizira, ndipo akolola mu June ndi July. Minda yakula, banja limodzi lilima maekala zikwi, koma mabanja acepa. Pafupi-fupi theka la anthu onse likhala pa Boise City. Ena ali pa timidzi ta Keyes, Felt ndi Kenton, ndi m'mafamu otalikirana mamailosi ambiri. Masukulu ang'ono a m'midzi anatsekedwa ambiri, ndipo anyamata ndi atsikana ambiri akatha maphunziro apita ku mizinda.

Otsalawo ndi anthu opirira, osawawanya cuma, okonda machalichi ao. Popeza thandizo liri kutali, amadalirana: moto ukabuka m'udzu onse athamangira, mlimi akadwala pa nthawi yokolola anansi abwera ndi makina ao. Sakonda kulamulidwa ndi Boma la kutali, cinkana thandizo la Boma lawasunga m'zaka zoipa. Nkhani yao ya tsiku ndi tsiku ndi yanu yomwe, ndiyo mvula. Mu 2011 kunagwa cilala cofanana ndi ca m'zaka za pfumbi. Ambiri anagulitsa ng'ombe, mbeu zinapserera, pfumbi linaoneka masiku ena. Koma minda yambiri inakhala m'malo mwace, cifukwa inali yopfundidwa.

ZIMENE MUNGATOLEPO

Dziko lanu lisiyana ndi Cimarron. Mvula yanu icuruka, minda yanu icepa, ndipo mdani wanu wamkuru ndi madzi othamanga. Koma taganizani zinthu zinai.

Anthu aja sanali aulesi kapena opusa. Anaononga dziko lao ndi khama, pa zaka za mvula yabwino ndi mtengo wabwino. Yesani munda wanu ndi caka coipa, osati ndi caka cabwino.

Anadalira mbeu imodzi ya malonda, ndi ngongole pamwamba pace. Mtengo utagwa analibe pogwira. Mapira onyozeka aja ndiwo anawathandiza.

Nthaka yambulanda siikhalitsa, kaya idza ndi mphepo kaya ndi madzi. Pamene muyatsa mapesi mu September, nimuona kabvumvulu alikunyamula phulusa ndi dothi la m'munda mwanu, mwaona pang'ono cimene iwo anaona cacikuru.

Potsiriza, udzu umene unathyoledwa pa zaka ngati 10 unatenga zaka zambiri ndi ndalama zambiri kuti ubwerere, ndipo m'malo ena sunabwerera monga kale. Kambiranani zimenezi ndi anansi anu ndi amfumu anu, pakuti munda wa mnzanu wa kumtunda ndi wanu wa kunsi zipulumuka pamodzi, kapena zionongeka pamodzi.